Ufa wa Miyala m'Munda mwa Amayi

Ndidali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, chaka chimene abambo anga adagula miyala yoti akathire m'munda. Inde, miyala. Kwathu kufupi ndi Kasina, munthu ukamalima khasu limangolira ngwe! ngwe!, ndipo m'malire mwa munda uliwonse muli milu ya miyala imene makolo adatola ndi manja mpaka misana kupindika. Ndiye anthu atamva kuti aphunzitsi aona ngati miyala ikuchepa, akukagula ina, adaseka mpaka kugwira nthiti.

Abambo adali mphunzitsi wa pulayimale. Kwawo kudali ku Mayani, koma adakwatira kwathu n'kukhala chikamwini. Munda umene tinkalima udali wa amayi, ndipo mwini mbumba adali mchimwene wawo wa amayiwo, amalume a Sandalamu. Adali munthu wamtali, wa mawu aakulu, woseka ndi thupi lonse. Kuipa mtima ayi, ndisawanamizire. Ine ndemwe ndinkawakonda chifukwa akamachokera kumsika sankalephera kundiponyera nzimbe kapena chitumbuwa. Koma akalankhula pa nkhani ya malo, mawu awo sankabwerera.

Munda wathuwo udali utatopa. Feteleza tinkathira, mvula kumtunda kuno sivuta kwenikweni, koma chimanga chinkangofika m'chiuno, masamba ali achikasu. Nyemba zinkangomera n'kufota. Amalume adagamula kuti m'mundamo abzalamo bulugamu, poti mitengo siifuna nthaka yabwino. Ife tikadatsala ndi kadimba kakang'ono kumtsinje, koti sikakadadyetsa banja la anthu asanu ndi mmodzi. Kusamukira ku Mayani nakonso sikukadatheka, popeza malo kumeneko adali atagawana kale alongo awo a abambo.

Apa ndi pomwe abambo adakagwada. Adali atakumana ndi mlangizi wa zaulimi amene adayeza dothi lathu n'kunena kuti nthakayo siidafe, yangosasa, ndipo mankhwala ake ndi laimu wa m'munda. Abambo adapempha zaka ziwiri zokha.

"Alamu," adatero amalume, "nthaka ndi thobwa kuti isase? Chabwino, zaka ziwiri. Zikakanika musadzati a Sandalamu ndi ankhanza."

Matumba anayi adatsitsidwa pa minibasi pa Chimbiya n'kufika kwathu pa ngolo. Tidawaika m'chipinda chosungira makasu. Nditasuzumira m'thumba limodzi ndidaona ufa woyera motuwirako, wolemera, wopanda fungo. Abambo adati ndi mwala wogaya, ndipo tikauthira tikamaunga mizere mvula isanagwe.

Tsopano ndinene zanga, poti cholakwa chidali changa.

Mwezi wa Okutobala womwewo, mphakati wathu, gulu lija la mabanja achikatolika oyandikana amene amapemphera pamodzi, udasankha kuti Misa ya m'mudzi ichitikire pakhomo pathu. Ansembe ochokera ku Kasina abwera kwathu! Amayi adakondwa. Ine ndidagwidwa ndi manyazi. Nyumba yathu idali ya zidina zosawotcha, yozira ndi katondo, pamene anzanga a kumishoni ankakhala m'nyumba zoyera mbee. Mmodzi mwa iwo adandiuzapo kusukulu kuti kwathu n'kofiira ngati chulu. Mawu amenewo adandikhala pamtima ngati munga, ndipo ine ndidali mwana wonyada, wosafuna kupitiriridwa.

Lachisanu, tsiku loti mawa ndi Misa, abambo adapita ku Mayani kukaona amayi awo amene ankadwala, kuti abwere m'mawa mwake. Amayi adanyamula chimanga kupita kuchigayo. Ndidaima pakhomo la chipinda chija n'kudziuza kuti laimu ndi laimu. Matumba anayi onsewa, ndikatapako pang'ono adziwa ndani?

Ndidasungunula ufawo m'ndowa n'kutenga tsache. Chinthu chake chinkavuta, abale. Ndikangosiya kuvundula, ufa wonse unkakhazikika pansi, pamwamba n'kutsala madzi okhaokha. Ndikapaka, khoma linkaoneka lotuwa. Ndiye ndinkawonjezera wina, n'kupakanso, n'kuwonjezeranso. Zotsalira pansi pa ndowa ndinkakakhuthula kuseri kwa nyumba. Nditamaliza khoma lakumaso ndidapakanso miyala ya m'mbali mwa njira monga amachitira kumishoni kukamabwera alendo. Dzuwa la Okutobala silichedwa. Pomwe amayi ankatulukira ndi ufa pamutu, nyumba yathu idali itayera mochititsa kaso, ndipo thumba lija lidali litatsala pang'ono kugona pansi.

"Felista, laimu wamutenga kuti?"

"Andipatsa amayi a kwaya. Ndi wotsala wa kutchalitchi."

Bodzalo lidatuluka mosavuta, mpaka ine ndemwe ndidadabwa. Amayi adangoti, "Koma ndiye wakula," n'kulowa m'nyumba. Ndidayenda tsiku limenelo ngati ndapambana mayeso.

Loweruka anthu adasonkhana. Abambo adafika mochedwerapo, fumbi lili m'nsapato, anthu atakhala kale. Ndidawaona ataima pa njira, akuyang'ana khomalo. Adapita pafupi, n'kulisisita ndi chala, n'kuyang'ana chalacho. Kenako adandiyang'ana ine. Adakakhala pansi pakati pa anthu.

Ansembe adali atakhala pampando pakhonde, atatsamira khoma, akudikira kuti kwaya ikonzeke. Adavala malaya akuda. Amalume adakhala pambali pawo, nawonso atatsamira, atavala jekete lawo la maliro ndi maukwati. Nthawi itakwana ansembe adaimirira n'kutembenuka kuti atenge chikwama chawo. Mayo ine! Msana wonse udali mbuu, kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, ngati munthu wogwira ntchito m'chigayo. Pakhoma padatsala chithunzi chawo chofiira. Mayi wina wa kwaya adayesa kudzigwira pakamwa ndi nsalu koma zidakanika, ndipo bwalo lonse lidaphulika.

Ansembe adali munthu wabwino, adaseka nawo. Koma amalume atavula jekete lawo n'kuliona, adafunsa mokweza kuti laimu wosagwira khoma ameneyu wachokera kuti. Amayi adayang'ana amayi a kwaya, amayi a kwaya adayang'ana amayi. Ine ndidangowerama n'kuulula ndi mawu a udzudzu kuti ndidatapa m'thumba la abambo.

"Oho!" adatero amalume. "Ndiye awa ndi mankhwala aja a alamu? Khoma lawakana, ndiye nthaka iwalola? Alamu, kumeneko adakugulitsani phulusa."

Kuseka kwachiwiriku kudali kwina. Koyamba kuja anthu ankaseka msana wa ansembe. Apa ankaseka abambo anga, mphunzitsi wa ana awo, pakhomo pawo pomwe. Abambo adavula chipewa, adatulutsa kansalu m'thumba n'kuyamba kusansa msana wa ansembe, akupepesa motsitsa mawu. Atamaliza adasansanso jekete la amalume. Misa ija sindidamveko ngakhale liwu limodzi.

Ndinkayembekezera chikoti. Ndikadakonda chikoti, chifukwa chimapweteka n'kutha. Koma Lamulungu masana abambo adandiitana pakhonde n'kundituma kuti ndibwere ndi ndimu, chigoba cha nkhono ndi kamwala ka pabwalo. Adafinyira madzi a ndimu pakamwalako. Palibe chidachitika. Adaphwanya chigoba chija n'kuchipera pamwala, n'kufinyirapo. Tithovu ting'onoting'ono tidayamba kutuluka. Kenako adatapa ufa wa m'thumba uja, kuuika m'mbale, n'kufinyiramo.

"Palibe chikuchitika," ndidatero.

"Wafulumira. Tchera khutu."

Ndidasendeza khutu pambale. Patapita kanthawi ndidamva kaphokoso kakang'ono kwambiri, ngati chiswe chikudya udzu.

Ndiye adandiphunzitsa monga ankaphunzitsira m'kalasi, mosakweza mawu. Adati kalekale, anthu kulibe, malo ena amene lero ndi mtunda adali pansi pa madzi. Tizamoyo ta zigoba tinkafa, zigobazo n'kumira pamodzi ndi matope oyera, kusanjikizana chaka ndi chaka, mpaka kulemera kwa zapamwamba kudafinya zapansi n'kuziumitsa kukhala mwala. Miyala ya mapiri athu a Dedza si yotero ayi, idachokera ku moto wa pansi pa nthaka, n'chifukwa chake ndimu silidaichite kanthu. Koma miyala ya m'madzi ija ilipo iwiri yapachibale. Wina ndi mwala wa laimu weniweni, umene ukaudonthezera zowawasa umachita thovu msanga. Mnzake amautcha dolomaiti. Umenewo ndi woumirira, suchita kanthu pokhapokha utaupera, ndipo ngakhale utaupera umagwira ntchito pang'onopang'ono. Wathuyu adali wa mtundu wachiwiriwu. Chimene ndidamva m'mbale muja, adatero, ndi chomwe ufawo ukachite m'nthaka: kudya kuwawasa kuja mwakachetechete, kwa miyezi.

Ndidafunsa chifukwa chimene sudagwirire khoma. Adati laimu wopaka nyumba ndi mwala womwewo, koma anthu a ku Balaka amauwotcha mu uvuni masiku angapo, kenako n'kuuthira madzi, ndipo moto ndi umene umausintha kuti uzimata. "Wakowu sudapse. Wapaka nyumba ndi fumbi, mwana wanga."

Za bodza lija adangoti ndikapepese kwa amayi anga ndi kwa amayi a kwaya, aliyense payekha. Chilango china chidali chakuti ndiyale masaka m'munsi mwa khoma, ndipale ufa wonse ndi kuusesa, ndiubweze m'thumba. Ndidapala masiku awiri ndikaweruka kusukulu, anzanga akudutsa n'kumandifunsa ngati ndikufuna kukhala mmisiri. Zomwe ndidapeza sizidadzaze n'komwe ndowa, ndipo theka lake lidali katondo. Wambiri udali utauluka ndi mphepo kapena kulowa m'nthaka kuseri kwa nyumba.

Pothira m'munda, ufa udatha tisadafike kumunsi. Padatsala mizere ingapo yopanda kanthu. Abambo adazika chikhomo pamene ufa udathera n'kunena kuti kuyambira pamenepo mpaka kumalire ndi panga. Mbewu yomweyo, feteleza yemweyo, koma kubzala, kupalira ndi kubandira ndizichita ndekha.

Chaka choyamba chidatikhumudwitsa. Kusiyana kudalipo, koma koti uchite kufinya maso kuti ukuone. Tidakolola zongotifikitsa mwezi wa Novembala. Chilimwe chimenecho amalume adafesa bulugamu m'timachubu n'kundandalika mbandezo pansi pa mtengo wa pichesi kumutu kwa munda wathu. M'mawa uliwonse ankabwera ndi kheni kudzathirira, akuimba mluzu. Amayi adawakumbutsa kuti adalonjeza zaka ziwiri. Iwo adati adikira mpaka Febuluwale basi, kuti mbande zawo zipeze mvula.

Nthawi imeneyo ine ndidaonda ndi nkhawa, osati ndi njala. Ndinkaona abambo m'mawa asadapite kusukulu, atavala kale tayi, atanjuta pakati pa mizere, akufukula dothi ndi chala ngati akufuna kulifunsa. Ndinkaganiza kuti tikalandidwa mundawu, anthu sadzakumbukira kuti nthaka idatopa. Adzakumbukira msana wa ansembe ndi phulusa la aphunzitsi, ndipo zonsezo adazibweretsa ndine. Ndinkalira ndikamapalira mizere yanga ija.

Mvula yachiwiri itagwa, chimanga chidamera ngati kale. Koma pofika kumapeto kwa Januwale, ha! Kumtunda kwa chikhomo chija chidali chitada bii, mapesi onenepa, chitapitirira mutu wa abambo. Nyemba zidayanga mpaka kusowa popondapo. Kumunsi kwa chikhomo, kumizere yanga, kudali komwe kuja, chachikasu, cha m'chiuno. Malire ake adawongoka ngati wina wachita kukoka chingwe. Njira ya kumjigo inkadutsa pomwepo, ndipo amayi ankaima ndi ndowa pamutu n'kumaloza. Mizere yanga idandichititsa manyazi, koma ndikunena zoona, sindidakondwerepo ndi mbewu yokanika ngati mmene ndidakondwera ndi imeneyo.

Tsiku lina m'mawa ndidapeza amalume ataima pachikhomo paja, kheni ili pansi. Adayang'ana kumtunda, adayang'ana kumunsi. Mluzu kudalibe. Atandiona adakhosomola.

"Iwe Felista, ufa uja abambo ako amautenga kuti?"

Sadafune kufunsa mkamwini, adafunsa mwana. Ndidathamanga mpaka kunyumba mtima uli dyokodyoko. "Abambo, agonja! Amalume agonja! Tiyeni mukawauze za phulusa lija!"

Abambo adandiuza kuti nditsitse mawu. Adavala chipewa n'kupita kumunda, ine ndili m'mbuyo, ndikuyembekezera kumva mawu amene ndidakhala ndikuwakonzera chaka chathunthu. Atafika adavula chipewa chija n'kupereka moni mwaulemu. Kenako adati, "Alamu, ndimati mundithandize nzeru. Mizere ya mwanayi yatsalira. Inu amene mumaidziwa nthaka ino kuyambira kale, mukuona kuti tichite bwanji?"

Amalume adakweza mapewa, adayendayenda, n'kunena kuti nkhani yake ndi yosavuta, pakufunika kuthira ufa uja. Abambo adathokoza kwambiri chifukwa cha malangizowo. Adatinso akamakagula wina agula wa mabanja awiri, poti munda wa amalume nawonso ndi wa nthaka yomweyi.

Ndidatsala kukamwa kuli yasa. Ndipo sizidathere pomwepo. Patangopita milungu ingapo, amayi atandituma mchere kugolosale, ndidapeza amalume atazunguliridwa ndi azibambo, akufotokoza ndi manja mmene iwo adazindikirira kuti nthaka ya kwathu yasasa, ndi mmene adalangizira alamu awo kuti akagule miyala yogaya. Azibambowo ankangogwedeza mitu. Ena mwa iwo adali omwe aja adaseka pa Misa.

Ndidafika kunyumba nditakwiya kwambiri. Abambo adali pakhonde akuchonga makope.

"Abambo, amalume akunama! Akuti nzeru ija idali yawo!"

Sadadzutse mutu. "Mbande zija zili kuti?"

"Adakazibzala kuphiri."

"Nanga iwe umafuna chiyani, munda kapena kuomberedwa m'manja?"

Ndidati ndimafuna zonse. Adaseka pang'ono n'kunena kuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, kenako adatenga kope lina.

Yankho limenelo silidandikhutitse, ndipo ndidakula nalo dandaulo. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti abambo anga adali munthu wofooka, kapena kuti za ulemu sizinkawakhudza. Mabanja ambiri m'mudzi mwathu adayamba kuthira laimu, ndipo onse ankamutcha ufa wa a Sandalamu. Ine ndikamva dzinalo ndinkalavula. Abambo ankangoti zii.

Adamwalira ine ndili kale pantchito ya unamwino. Titatha maliro, ndikuthandiza amayi kusankha nyemba, ndidawauza kuti abambo adali ndi mwayi chifukwa mtima wawo sunkapweteka ndi zoterezi. Amayi adasiya lichero n'kundiyang'ana ngati ndayankhula zamisala. Adati tsiku la Misa lija abambo sadadye, ndipo adawauza kuti m'moyo wawo wonse sadachitepo manyazi otero. Adatinso nthawi zonse akamva anthu akuti ufa wa a Sandalamu, ankafika kunyumba n'kukhala nthawi yaitali osayankhula. "Zinkawawawa, iwe. Koma ankadziwa kuti achimwene ukawachititsa manyazi pagulu, bulugamu uja abzala ndithu, ngakhale chimanga chitafika kumwamba."

Ndidalira tsiku limenelo kuposa mmene ndidalirira kumanda. Tsopano ndikumvetsa zimene ndidalephera kumva ndili mwana. Abambo adaona kuti sangapeze zonse ziwiri, munda ndi dzina, ndipo adasankha chimene chikadatidyetsa ife. Ine ndinkati ndi kufooka chifukwa sindinkadziwa kuti kukhala chete uli ndi yankho m'kamwa n'kovuta kuposa kuyankha. Ndipo mwana amene adawachititsa manyaziwo sadamuuzepo ngakhale kamodzi kuti adawapweteka.

Munda uja akuulimabe amayi ndi mng'ono wanga. Chaka chatha nditapita kwathu adandituma kukagula laimu pa Chimbiya. Wogulitsa adali mnyamata wa kumudzi kwathu konko, wobadwa amalume atamwalira kale, woti sadawaonepo n'komwe. Atamva zomwe ndikufuna adati, "Oo, mukunena ufa wa a Sandalamu?"

Ndidatsegula pakamwa kuti ndimuuze dzina la mphunzitsi wa ku Mayani. Nkhani yonse idali palilime.

"Eya, womwewo," ndidatero. "Mundipatse matumba awiri."